Chingwe chinatidutsa pakhomo: kalata yotseguka kwa oyendetsa nkhani za intaneti m'dziko muno

Olemekezeka a Nduna oona zofalitsa nkhani ndi luso lamakono, a Nduna a Zachuma, akuluakulu a bungwe loyang'anira zamauthenga la MACRA, aphungu athu a kuno ku Nkhotakota, ndi a Bwanamkubwa a boma lino,

Ndikupereka ulemu kwa inu nonse, akuluakulu.

Ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Nkhotakota, chakummwera kwa Boma. Kalatayi ndailemba poyera kuti anzanga a m'mphepete mwa nyanja aiwerenge nawo ndi kuwonjezera zawo. Nkhani yanga ndi imodzi. Boma lasamutsira ntchito zake zambiri pa intaneti, moti lero munthu wa kumudzi sangaizembenso ngakhale atafuna. Koma tikayang'ana misonkho, kagawidwe ka ndalama ndi komwe nsanja za netiweki zikumangidwa, zikuoneka kuti boma lomwelo likuitengabe intaneti ngati chinthu cha manyado, cha anthu a m'tauni amene zawo zinayera kale. Ziwirizi sizingayendere limodzi. Ngati boma latilamula kuti tizichita zinthu pa intaneti, udindo wotifikitsira intanetiyo ndi wa boma lomwelo.

Taonani mmene zinthu zasinthira m'zaka zochepa chabe. Ana athu amalembetsa mayeso a MANEB pa makina, ndipo ndalama ya mayeso inayamba kulipiridwa pa foni kapena ku banki. Mwana akakhoza bwino Fomu 4 n'kumafuna malo ku yunivesite ya boma, fomu yake amadzaza pa intaneti kudzera ku bungwe la NCHE. Pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020, wogulitsa feteleza ankayenera kuunika chiphaso cha unzika ndi foni, ndipo netiweki ikasowa thumba silinkatuluka m'shedi. Dziko lonse linamva za alimi ogona pamizere kudikira kuti makina ayankhe. Ndalama za Mtukula Pakhomo m'madera ambiri zikudzera pa foni kapena ku banki. Alangizi a zaumoyo akutumiza malipoti awo pa foni. Ifenso aphunzitsi makalata a ku maofesi timawalandirira pa WhatsApp, kawirikawiri ndi mawu akuti yankho likufunika lero lomwe.

Sindikudana nazo zimenezi. Tonse tikukumbukira nthawi imene ndalama za mayeso zinkasonkhanitsidwa pamanja, mwana n'kudzazindikira mayeso atayandikira kuti dzina lake palibe. Kulipira pa foni kunatseka mpata umenewo, ndipo makolo ambiri anapuma. Chimene ndikudandaula n'chakuti lamulo limafika m'dziko lonse tsiku limodzi, pamene netiweki yamphamvu ikadali m'matauni ndi m'mbali mwa misewu ikuluikulu.

M'midzi yambiri kuno netiweki ili ndi malo ake odziwika, ndipo mwana aliyense angakulozereni: pachulu paja, kuseri kwa tchalitchi, patsinde pa mango a kumapeto kwa bwalo la mpira. Madzulo pamalo otere pamadzaza anthu, aliyense atakweza foni m'mwamba kudikira kuti uthenga udutse. Kuimba kumathekako. Koma intaneti yotha kutsekula fomu, kutumiza chithunzi cha satifiketi kapena kuonetsa phunziro la pa kanema, imeneyo imathera pafupi ndi msewu wa M5 ndi malo ochitira malonda monga Benga, pa Boma ndi Dwangwa. Munthu ukalowera kumtunda, m'midzi ya kwa Mwansambo kapena yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, chilembo cha 4G chija chimasanduka E, ndipo zikatero palibe chimene ungachite.

Tsono ganizirani mtsikana amene wakhoza bwino mayeso ake kumudzi kotereku. Ayambe wapempha ndalama ya kabaza, akafike pa tauni, alipire mwini shopu ya makompyuta, kenako akhale pa benchi kuyang'ana tsamba likungozungulira osatseguka. Magetsi akathima abwerere kwawo, mawa ayambirenso, ndalama ya kabaza inanso. Mnzake wa ku Area 47 ku Lilongwe fomu yomweyo wadzaza atakhala pa sofa kwawo, madzi a tiyi asanawire n'komwe. Ana awiriwa akulimbirana malo amodzi a ku yunivesite. Ndili ndi ophunzira anzeru amene anasiyira panjira chifukwa ndalama ya maulendo inatha tsiku lotsekera lisanafike, ndipo ndikakumana nawo pa msika akugulitsa zitumbuwa mtima umandiwawa.

Ziwerengero za boma lenilenilo zikuvomereza. Kafukufuku amene ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO inachita pamodzi ndi MACRA mu 2019 anapeza kuti anthu 14.6 pa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito intaneti m'dziko muno. M'tauni anali oposa 40 pa 100, kumudzi osafika ngakhale 10. Pamene kalembera wa 2018 anati Amalawi 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Chiwerengero cha ogwiritsa ntchito intaneti chakwerako kuchokera nthawi imeneyo, koma phompho la pakati pa tauni ndi mudzi likadali pompo.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti intaneti yamphamvuyo si mlendo m'boma lino. Imadutsa pakhomo pathu usana ndi usiku. Dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, choncho intaneti yathu imachokera ku zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja ya Indian Ocean, monga SEACOM ndi EASSy, zimene zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Kuchoka kumeneko tiyenera kulipira anansi athu kuti atidutsitsire pamtunda, n'chifukwa chake kuyambira kale intaneti kuno inali yodula. Cha m'ma 2015, ndi thandizo la World Bank, kampani ya SimbaNET inayala chingwe cha faiba kuchokera kumalire a Tanzania, kutsika kudzera ku Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima mpaka ku Lilongwe. Mu 2017 boma linayambanso ntchito ina yaikulu yolumikiza maboma a m'dziko muno ndi faiba, imene inagwiridwa ndi kampani ya Huawei ndi ngongole yochokera ku China, zingwe zake zikuyenda ndi mapolo a ESCOM. Chaka chomwecho World Bank inavomereza ndalama zokwana madola 72.4 miliyoni za pulojekiti ya Digital Malawi. Mu 2023 tinamvanso za mapangano ndi Tanzania komanso Zambia ofuna kutsitsa mtengo wodutsitsira intaneti m'mayiko awo.

Zonsezi ndi ntchito zenizeni, ndipo amene anazigwira ndikuwayamika ndi mtima wonse. Koma kwa ife zili ngati paipi yaikulu yodutsa pakati pa mudzi popanda mpopi: madzi akuyenda pansi pa mapazi athu, amayi akukatungabe kudambo. Ngongole ya zingwezo tidzabweza tonse kudzera m'misonkho, msodzi wa pa Chia ndi mlimi wa chinangwa wa kwa Kanyenda yemwe. Pali sukulu ndi zipatala zing'onozing'ono zimene zili pamtunda woyenda pansi kuchokera pamene chingwe chinadutsa, koma mpaka lero sizinalumikizidwe. Gawo lodula, la makilomita mazanamazana, linatheka. Latsala ndi la makilomita awiri, asanu, khumi, ndipo limeneli ndilo lakhala zaka likudikira mwini wake.

Ndikudziwa chifukwa chake makampani a foni sathamangira kumudzi, ndipo pa kuwerengera kwawoko sindiwaimba mlandu. Nsanja imodzi imafuna zitsulo ndi makina ogulidwa kunja ndi madola, imafuna malo, mlonda, msewu wopitika ngakhale m'dzinja, ndi magetsi osaduka. Kumene ESCOM sinafike ndiye kuti pafunika sola, mabatire ndi jenereta yomwa dizilo. Anthu ozungulira nsanjayo ndi ogula mayunitsi a ndalama zochepa, ambiri mwa iwo pa nthawi yokolola basi. Wamalonda akawerengera amapeza kuti ndalama yake ibwerera msanga akawonjezera nsanja ina ku Lilongwe kusiyana ndi kukamanga yoyamba kumudzi wa kutali. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ankazidziwa zimenezi pamene ankakhazikitsa lamulo latsopano la zamauthenga mu 2016. N'chifukwa chake anaikamo thumba lapadera la Universal Service Fund, loyendetsedwa ndi MACRA, kuti ndalama zochokera kwa makampani a zamauthenga zizikagwira ntchito kumene malonda paokha sangafike.

Apa ndiye pali funso langa lalikulu kwa inu akuluakulu a MACRA. Gwero la ndalama za m'thumba limeneli ndi ife, chifukwa kampani ilibe kwina kozitenga koma m'mayunitsi amene timagula. Tiuzeni poyera: chaka chilichonse m'thumbamo mumalowa zingati, zimatuluka zingati, ndipo boma la Nkhotakota, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 400,000, lalandirapo chiyani? Nsanja zingati, pamalo ati, sukulu ziti? Mayankho ake asathere m'malipoti a Chingerezi osungidwa ku likulu. Alembedwe m'Chichewa, amatidwe pa bolodi la ku khonsolo, awerengedwe pa Nkhotakota Community Radio. Mudzi ukadziwa kuti uli pa mndandanda wa chaka chamawa umadikira mtima uli m'malo, ndipo ukaona kuti wadumphidwa umadziwa kokafunsa.

Tiphunzireponso kanthu pa ma telecentre, malo oti anthu azikagwiritsirako ntchito makompyuta ndi intaneti, amene anamangidwa m'madera osiyanasiyana zaka zapitazo. Ganizo linali labwino, vuto linali la mawa lake. Tsiku lotsegulira kumakhala magule ndi zolankhula, koma ndani alipire intaneti ya mwezi wachitatu? Ndani akonze kompyuta ikafa? Wothandiza anthu pamalopo adzadya chiyani? Kumene mafunsowa sanayankhidwe, zipinda zinatsala ndi fumbi. Ndondomeko ya Connect a School, yopereka makompyuta ndi intaneti m'masukulu, isadzagwe m'mbuna yomweyo. Makompyuta azibwera pamodzi ndi ndalama ya intaneti ya zaka zingapo yolembedwa mu bajeti, ndiponso mphunzitsi wophunzitsidwa bwino amene sasamutsidwa teremu yotsatira. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, maphunziro anaikidwa pa intaneti ndi pa wailesi. Kuno amene anatolako kanthu ndi a wailesi. A pa intanetiwo ana anga ambiri anangowamvera mbiri.

Ganizo limene landipatsa chiyembekezo ndi la Yathu Yathu Data, loti magulu a anthu a m'dera aziyendetsa okha netiweki yaing'ono ndi kugulitsa intaneti kwa anzawo motsika mtengo. Kuno magulu otha kusenza udindo wotere alipo kale: alimi a mpunga a ku sikimu ya Bua, alimi a mzimbe a ku Dwangwa, makomiti a m'madoko a asodzi, ngakhale amayi a banki mkhonde amene amasunga mabuku awo mwadongosolo chaka ndi chaka. Chimene akusowa ndi chiphaso chosavuta kupeza ndi chosadula, mtengo wopikulira intaneti ya pa faiba ya boma wodziwika kwa aliyense, ndi malo oti alumikizepo pa tauni iliyonse imene chingwe chadutsa. Faiba yomangidwa ndi ngongole ya dziko isagulitsidwe ndi mtima wofuna phindu lamsanga. Kumadera akutali kwenikweni kulinso njira ina. Kuyambira 2023 Starlink ikugwira ntchito m'dziko muno. Banja la kumudzi silingaikwanitse, koma dishi imodzi pa sukulu kapena pa chipatala, yogawana ndi midzi yozungulira, ingafike kumene faiba idzachedwe. Malamulo aloleze kugawana koteroko.

Za magetsi sindingazilambalale, chifukwa nsanja ndi foni zonse zimadya moto. Pa kalembera wa 2018, nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinali ndi magetsi a ESCOM. Ambiri kuno amalipira kuti atchajitse foni pa shopu kapena pa kasola ka mnansi, ndiye foniyo amaizimitsa masana kuti moto ufike mawa. Chikhalirecho maboma athu awiri a m'mbali mwa nyanja ali m'gulu la amene akudyetsa dziko magetsi a dzuwa: ku Nanjoka ku Salima kuli malo opanga mamegawati 60 kuyambira 2021, kuno ku Nkhotakota kulinso ena opanga mamegawati 21. Magetsiwo amakwera mawaya akuluakulu n'kupita, midzi yambiri ya m'mabomawa ikugona mumdima. Tinaonanso mu 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, mmene kuthimathima kunkagwetsera netiweki. Mafuta akasowanso m'dziko, majenereta a pa nsanja amazima nawo. Oyendetsa MAREP, ndondomeko yofikitsa magetsi kumidzi, ndi oyendetsa thumba la MACRA azikhala pansi pamodzi posankha malo, kuti kumene kwapita polo ya magetsi kupitenso intaneti. Chimodzimodzi pa ntchito yokonza msewu wa M5 kuchokera ku Kaphatenga kudzera pa Benga mpaka ku Dwangwa: pokumba ngalande aikiretu mapaipi odutsamo faiba, kuti tisadzaswenso phula latsopano, ndiponso akatapila asamadule zingwe zomwe zilipo kale.

Tsopano kwa inu a Nduna a Zachuma. Mu 2015 boma linaika msonkho wapadera wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pa foni, pamwamba pa VAT. Msonkho wamtundu umenewu timaudziwira pa mowa ndi fodya, zinthu zimene boma limafuna kuti anthu achepetse. Kodi kulembetsa mayeso n'chinthu choti anthu achepetse? Ndikumvetsa kuti thumba la boma ndi loperewera, ndipo msonkho wa pa foni ndi wosavuta kutolera. Koma umagwa mofanana pa bwana wa ku Capital Hill ndi pa mayi wogulitsa usipa, ndipo mayiyo ndiye amagula tibandulo ting'onoting'ono, tomwe tikatiwerengera bwino timadula kuposa bandulo yaikulu imene wolemera amagula kamodzi. Pamwamba pa apo, wagula bandulo ya tsiku limodzi, netiweki yasowa kuyambira m'mawa mpaka usiku, pofika mawa bandulo yatha nthawi asanaigwiritse ntchito. Ndalama imeneyo yapita kuti? Netiweki ikagwa, masiku a bandulo aziwonjezeredwa okha, munthu asanayambe wadandaula. Ndipo masamba a boma amene mwatilamula kuti tizilowapo, a mayeso, a yunivesite, a zaumoyo ndi a zaulimi, azitseguka ulere ngakhale foni ilibe bandulo.

Boma likafuna zimatheka. Mu 2020 anthu anafuula pa masamba a mchezo kuti mtengo wa intaneti utsike, unduna ndi MACRA analowererapo, mitengo inatsikadi. Masiku ano timamvanso kuti Malawi ili m'gulu la mayiko a mu Africa kumene intaneti ndi yotsika mtengo. Chonde musakhutire nako kawerengedwe kameneko, chifukwa ndi ka madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama ikagwa chotero, chilichonse cha m'dziko muno chimaoneka chotchipa kwa wowerengera m'madola. Ife timalandira makwacha. Muyeso woyenera ndi umene a Broadband Commission a United Nations anaika, woti intaneti yoyambira isapitirire 2 peresenti ya ndalama zimene munthu amapeza pamwezi. Muyeso umenewo muuyese pa mlimi wa mpunga wa ku Bua, amene ndalama amaiona kamodzi pachaka.

Kugwa kwa kwacha komweko kunakwezanso mtengo wa foni, ndipo nkhani imeneyi imaiwalika kawirikawiri. Nsanja ingamangidwe, koma nyumba zambiri zili ndi kafoni ka mabatani kamodzi, ndipo kamakhala m'thumba mwa bambo. Mayi ndi mwana wamkazi amachita kubwereka, bambo akachokapo ndiye kuti nyumba yonse yaduka. Chotsani msonkho wolowetsera mafoni amakono otsika mtengo. Ndalama imene mungataye pa chipata mudzaipeza anthu ambiri akayamba kuchita malonda pa foni. Makampani nawo akhala akudandaula za kusowa kwa ndalama zakunja zogulira zipangizo, ndipo dandaulo limeneli limveke monga limvekera la mafuta ndi feteleza. Makampani atsopano anapatsidwa ziphaso, monga Malcel mu 2022, koma kuno tikadali ndi awiri omwe aja, Airtel ndi TNM. Mpikisano wa papepala sutsitsa mtengo. Kumene kuli nsanja ya kampani imodzi yokha, lamulani kuti makasitomala a inayo azithanso kulumikizikapo.

Pali chifukwa china chimene anthu a kumtunda sachiganizira msanga. Ife timakhala ndi nyanja. Miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nthambi yoona zanyengo imatulutsa machenjezo kwa asodzi ndi oyenda panyanja, ndipo masiku ano machenjezowo amayamba kufalikira pa WhatsApp ndi pa Facebook. Asodzi a usipa amanyamuka madzulo ndi nyali zawo, n'kukachezera pakati pa nyanja usiku wonse. Chenjezo likawapeza ali padoko, amakokera maboti kumtunda n'kukagona kunyumba. Likachedwa, limapeza akazi awo ali pagombe m'bandakucha, maso ali kumadzi. Maliro otere tawalira mokwanira m'madoko athu. Wailesi yathu ya m'dera imayesetsa kuulutsa machenjezowa, ndipo yapulumutsa ambiri, koma wailesi singamve kufuula kwa anthu amene injini yawafera pakati pa madzi. Nsanja za m'mbali mwa nyanja ziyang'anenso kumadzi, kuti boti likavutika anthu athe kuimba ndi kutumiza pomwe ali.

Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi anasefukira ku Dwangwa. Anthu anataya miyoyo, zikwi zinasowa pokhala, msewu wa M5 unaduka. M'masiku amenewo foni ndiyo inali njira yodziwira amene watsakamira padenga, amene wapulumuka, ndi kumene boti la opulumutsa lilowere. Nsanja za m'madera osefukira madzi ziyenera kukhala ndi mabatire otha kugwira masiku angapo magetsi ataduka, ndipo zimenezi zilembedwe m'chiphaso cha kampani, zisadalire chifundo chake. Patangopita miyezi yochepa, mu Meyi 2024, zingwe za pansi pa nyanja yamchere zija zinaduka ndipo intaneti inafooka m'mayiko angapo a kuno, ife tili momwemo. Njira zolowera m'dziko zikhale zingapo, imodzi ikaduka ina izigwira.

Pa malonda ndinena mwachidule, popeza aliyense akudziwa. Mayi amene wayanika usipa wake pa thandala akadziwa mtengo wa ku Lilongwe kapena ku Kasungu m'mawa womwewo, sagulitsa mwachimbulimbuli kwa venda woyamba kufika. Mlimi wa mpunga wa Kilombero chimodzimodzi.

Ifenso eni dera tili ndi mbali yathu, ndipo ndikunena izi anzanga akumva. Mabatire ndi masola a pa nsanja amabedwa ndi anthu okhala pakati pathu. Dizilo wa jenereta amagulitsidwa m'midzi mwathu momwemuno. Ena amafukula faiba poganiza kuti muli waya wa kopa, pamene mkati mwake ndi timaulusi tagalasi topanda msika, ndipo kukumba kwa usiku umodzi kumathimitsa midzi yambirimbiri. Mafumu athu, kuyambira anyakwawa mpaka a gogo chalo, angathe kuthetsa zimenezi akapatsidwa mbali. Anansi athu a ku Salima asunga nsomba za pa chilumba cha Mbenji kwa zaka makumi angapo ndi malamulo a mfumu Makanjira, otseka ndi kutsegula usodzi pa nyengo yake, ndipo anthu amamvera. Mukamabwera kudzamanga nsanja, yambani mwakhala pansi ndi mafumu. Alonda alembedwe a m'mudzi momwemo. Pa sola ya nsanjayo pakhale potchajira mafoni a anthu a m'deralo, kuti aliyense aone phindu lake ndi kukhala mlonda wake.

Ena amaiopa intaneti, ndipo mantha awo ali ndi chifukwa. Akathyali otumiza mauthenga abodza aliritsa agogo ambiri, kuwalanda ndalama zimene ana awo anatumiza kuchokera ku Johannesburg. Malamulo alipo, la 2016 lokhudza zochitika pa makina ndi la 2024 loteteza mbiri za anthu, koma kumudzi sanafotokozedwe m'chinenero chimene agogowo angamve. Mafomu a boma nawonso ali m'Chingerezi chokhachokha, ndipo ena ndi olemera moti pa netiweki yofooka satseguka. Akhale m'Chichewa, m'Chitonga cha abale athu a kumpoto kwa boma lino, m'Chiyao, ndipo akhale opepuka. Kufikira netiweki itafika m'mudzi uliwonse, njira ya pepala isatsekedwe. Mwana asataye malo a sukulu, mlimi asataye thumba la feteleza, chifukwa cha nsanja imene sinamangidwe.

Kwa inu aphungu athu ndi a Bwanamkubwa, ntchito yoyamba siifuna ndalama zambiri. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera a mafumu angathe kulemba malo onse opanda netiweki, sukulu ndi zipatala zonse zosalumikizidwa, ndi mtunda wake kuchokera pamene faiba inadutsa. Mapu opangidwira mu ofesi amapaka utoto dera lonse ngati kuli netiweki. Mndandanda wathu udzaonetsa zimene foni ikuona munthu ataima pakhomo pa sukulu. Pokambirana za ndalama za CDF, zachitukuko cha m'madera a aphungu, kulumikiza sukulu kapena chipatala kuwerengedwe chitukuko monga mmene timawerengera mjigo ndi mlatho. Masomphenya a Malawi 2063 amene boma linakhazikitsa mu 2021 amadalira achinyamata odziwa luso lamakono, ndipo achinyamata ambiri a dziko lino ali m'makalasi ngati anga.

Pempho langa lomaliza ndi ili. Bajeti ikubwerayi isanakambidwe, akuluakulu a MACRA ndi a ESCOM abwere ku msonkhano wa khonsolo yonse ya Nkhotakota, atanyamula ziwerengero za thumba la Universal Service Fund ndi mapu oonetsa pamene faiba inadutsa m'boma lino. Ife tidzabwera ndi mndandanda wathu. Pamaso pa mafumu ndi makhansala tidzagwirizane sukulu ndi zipatala zoyamba kulumikizidwa, mwezi wake, ndi ofesi yodzayankha ntchitoyo ikachedwa. Ine ndi aphunzitsi anzanga ndife okonzeka kuyenda ndi ophunzira athu mudzi ndi mudzi kulemba mndandandawo, a Bwanamkubwa akangotipatsa chilolezo.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa sekondale yoyendera,
Nkhotakota